Bwezerani mita yanga pa mtengo wa pakhomo

Kwa inu akuluakulu a kampani yotigulitsa magetsi kuno ku Tete: ndani anachotsa nyumba yanga ya ku Ulónguè pa tarifa doméstica, mtengo wa pakhomo, n'kuiika pa tarifa geral, mtengo wa ochita malonda? Kalata sindinalandire, ndipo palibe wantchito wanu anafika pakhomo kudzaona. Ndinangodabwa kuti ndalama zomwe zija zayamba kugula mayunitsi ochepa.

Ku ofesi yanu anandiyankha kuti magetsi amene ndikugwiritsa ntchito achuluka, ndiye kuti pakhomopo pali bizinesi. Bizinesi yake iti, abwana? Ndinagula galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, batire lake la 40 kWh (mayunitsi 40 a magetsi), ndipo ndimatchaja usiku pa soketi wamba ya 220 V. Galimoto yotere imadya pakati pa 15 ndi 20 kWh pa makilomita 100. Mita ithamangadi, sindikukana, ndipo yunitsi iliyonse ndimalipiriratu. Koma galimotoyi ndi yopitira kuntchito, kutchalitchi ndi kukaona amayi ku Dómuè. Sindinyamula matola, sinditchajira anthu mafoni, ndilibe chigayo kuseri kwa nyumba. Amene ali ndi ma air conditioner atatu mumzinda wa Tete muja, kotentha ngati ng'anjo, mumawatchanso amalonda?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ndimachita zokuthandizani. Madzulo, anthu akamaphika ndi kuonera TV, magetsi kwathu amafooka mpaka mababu kuchita kufiira. Nthawi imeneyo sindilumikiza galimoto, ndimadikira anthu agone. Ku United Kingdom ndi mayiko ena, wotchaja pakati pa usiku amamutsitsira mtengo chifukwa nthawiyo ofuna magetsi amakhala ochepa. Kuno mwandikwezera, m'chigawo chomwechi cha damu la Cahora Bassa, ku Songo, lomwe mphamvu yake ndi 2,075 MW ndipo magetsi ake ambiri amapita ku South Africa. Petulo amachita kuchokera kudoko la Beira pa mathanki. Ine ndasiya petuloyo kuti ndizigula zopangidwa pa Zambezi pathu pompano, ndiye mukundilanga.

Tumizani munthu wanu adzaone nyumbayo, alowe mpaka kukhitchini ngati akufuna. Mundipatse lamulo lolembedwa lonena kuti wotchaja galimoto yake pakhomo pake ndi wamalonda. Ngati lamulolo kulibe, bwezerani mita pa mtengo wake wakale, ndipo ndalama zimene ndalipira moonjezera zibwere ngati mayunitsi. Ngati vuto ndi lakuti galimoto ikufunika mita yakeyake, nenani mtengo wake poyera, pakuti njinga zamoto zamagetsi zikadzafika kwa anyamata akabaza funso lidzakhala lomweli.

Musandiyankhe kuti ndilembe ku inbox. Nambala ya mita muli nayo pa dandaulo limene ndinasiya ku ofesi. Mwezi uno ukatha muli chete, nkhaniyi ndikaitula ku ARENE, bungwe la boma loyang'anira nkhani za magetsi, pamodzi ndi malisiti onse.