Mapaundi salanda mpira pakati pa bwalo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga ochemerera matimu a ku England, makamaka awo amene tulo timawathawa msika wogula ndi kugulitsa osewera ukangotsegulidwa. Nyimbo yake ndi yomweyo chaka ndi chaka: pakati pathu m'pobooka, mabwana atulutse ndalama. Timu ikagula wosewera wapakati wa mapaundi 20 miliyoni, akuti eni timu ndi oumira. Ikagula wa 100 miliyoni, omwe aja akuti ligi yatha, chikho angotipatsiratu. Apo n'kuti wosewerayo asanavale n'komwe jezi.

Ndikulemba ngati munthu amene anaimba nawo nyimbo imeneyi mokweza, kenako n'kusowa poika nkhope. Ine ndi wa Liverpool. Mu 2023 pakati pathu panasasuka: Jordan Henderson ndi Fabinho analowera ku Saudi Arabia, James Milner, Naby Keita ndi Alex Oxlade-Chamberlain makontrakiti awo anatha. Tinali titagula Alexis Mac Allister ku Brighton pa mapaundi 35 miliyoni ndi Dominik Szoboszlai ku RB Leipzig pa 60 miliyoni, koma namba 6, wotchinga patsogolo pa anyamata akumbuyo, panalibe.

Lachisanu pa 11 Ogasiti, mphunzitsi wathu wa nthawiyo Jürgen Klopp anauza atolankhani kuti timu yagwirizana ndi Brighton pa mtengo wa Moisés Caicedo, mapaundi 111 miliyoni. Tsiku limenelo ntchito sindinaigwire bwino. Foni inali pansi pa tebulo, chala chikungokoka nkhani kuti zatsopano zibwere, ndipo ndinali nditamutumizira kale mnzanga wina wa Chelsea uthenga womuseka. Dzuwa lisanalowe zinamveka kuti mnyamatayo mtima wake uli ku London. Lolemba anasaina ku Chelsea pa 115 miliyoni, mtengo umene panthawiyo unali usanaperekedwepo ndi timu iliyonse ya ku Britain. Patangopita masiku ochepa, Roméo Lavia wa Southampton, amene tinkamufunanso, naye anasankha komweko. Ife tinapita ku Stuttgart kukatenga Wataru Endo, bambo wa zaka 30, pa mapaundi pafupifupi 16 miliyoni. Ndinalemba usiku umenewo kuti timu yathu yasanduka malo opumirako madala, ndipo sizini yatha isanayambe.

Mu Febuluwale 2024 pa Wembley, mu fainolo ya Carabao Cup, Endo yemwe uja anasewera mphindi zonse 120 moyang'anizana ndi Caicedo ndi Enzo Fernández, anyamata awiri amene mtengo wawo ukaphatikizidwa ukupitirira mapaundi 220 miliyoni. Virgil van Dijk anagoletsa ndi mutu kutatsala mphindi ziwiri, chikho n'kupita ku Anfield. Lavia, amene ndinamulira ngati maliro, anasewera mphindi 32 zokha sizini yonse chifukwa cha kuvulala.

Wina anena kuti ndiye kuti wotchipa ndi amene ali bwino. Ayi, musandimve choncho. Caicedo yemweyo, amene pa masewero ake oyamba anapereka penate Chelsea ikugonja 3-1 kwa West Ham, n'kusekedwa dziko lonse, mu sizini ya 2024/25 anayamba masewero onse 38 a ligi ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa wa timu yake. Declan Rice anadyera Arsenal mapaundi 105 miliyoni kuchoka ku West Ham, ndipo sindinamvepo wa Arsenal akudandaula kuti ndalamazo zinalowa m'madzi. Amene anaseka Caicedo mu Ogasiti 2023 analakwa chimodzimodzi ndi ine amene ndinanyoza Endo. Tonse tinaweruza mlandu umboni usanabwere, ndipo umboni wathu unali nambala yolembedwa pambali pa dzina.

Nambala imeneyo imanena zambiri, koma zambiri mwa izo si za mpira. Imanena kuti wosewerayo watsala ndi zaka zingati pa kontrakiti, kuti timu yogulitsa ili ndi ngongole kapena ayi, kuti ogula ndi angati, komanso kuti wogulayo wathedwa nzeru motani tsiku lotseka msika likayandikira. Brighton inamutenga Caicedo ku Independiente del Valle ya ku Ecuador mu 2021 pa ndalama zosafika mapaundi 5 miliyoni. Benfica inagula Enzo ku River Plate pakati pa 2022, iye n'kukawala pa World Cup ku Qatar, ndipo pofika Januwale 2023 Chelsea inalipira pafupifupi mapaundi 107 miliyoni. Miyendo inali yomweyo. Leicester inapeza N'Golo Kanté ku Caen mu 2015 pa ndalama zosafika 6 miliyoni, ndipo ndikukayika ngati ochemerera ambiri ankamudziwa dzina. Chaka chotsatira anali ndi mendulo ya ligi, chinacho anawina ina ndi Chelsea. Kumbali inayi, Manchester United inalipira 89 miliyoni pa Paul Pogba mu 2016, iye n'kudzachoka ulele mu 2022. Nafenso tili ndi chilonda chathu: Keita tinamudikira chaka chathunthu, mtengo wopitirira 50 miliyoni, koma nthawi yambiri anaithera m'chipinda cha madokotala.

Chimene chimatisokoneza kwambiri pa osewera apakati n'chakuti ntchito yawo yeniyeni sioneka pa timavidiyo ta pa YouTube timene timagawana. Wogoletsa mungathe kumuwerengera zigoli. Namba 6 wabwino muyenera kumuyang'ana mpira uli kwina. Amacheuka kawiri mpira usanamufike, kuti adziwe amene ali kumsana kwake. Akaona mnzake wa kumbali wakwera kukathandiza kutsogolo, iye amasuntha mayadi asanu okha n'kutseka mpata umene watsala, ndipo pasi imene ikanadutsa pamenepo siiponyedwa n'komwe. Palibe amene amaika pa vidiyo pasi imene sinaponyedwe. Real Madrid inaphunzira zimenezi mu 2003, pamene inagulitsa namba 6 wake Claude Makélélé ku Chelsea chaka chomwe inagula David Beckham. Mayina anali mbwee, koma ligi sanaionenso mpaka 2007. Manchester City nayo inaona zakuda namba 6 wake Rodri atavulala bondo mu Seputembala 2024, timu imene inali itatenga ligi kanayi motsatizana n'kumaluza ngati yangokwera kumene.

Ndiye pali nkhani ya Ryan Gravenberch, imene kwa ine ndi yophunzitsa kuposa zonse. Anabwera kuchokera ku Bayern Munich pa tsiku lomaliza la msika wa 2023, pa mapaundi pafupifupi 34 miliyoni, ndipo chaka chake choyamba anali wolowa ndi kutuluka. Mu 2024 mphunzitsi watsopano Arne Slot atatenga timu, tinathamangira Martín Zubimendi wa Real Sociedad, iye n'kukana. Tinayambanso kulira, ine ndili patsogolo, ngati kuti za chaka chatha sizinandiphunzitse kanthu. Slot sanagule wina. Anangomubweza m'mbuyo Gravenberch, n'kumuika pambali pa Mac Allister. Mnyamata wamtali uja anayamba kulandira mpira atafulatira adani, n'kutembenuka nawo kamodzi kokha, anthu awiri n'kutsala akuyang'ana nambala ya jezi yake. Sizini imeneyo tinatenga ligi ya nambala 20. Namba 6 amene tinkamufunafuna ku Spain anali pa benchi yathu yomwe.

Pa za ndalama, anzanga, tiyeni tisiye kuyankhula ngati kuti mwini timu amangopisa m'thumba. Mu 2023 malamulo a Premier League ankaletsa timu kuluza ndalama zopitirira mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu. Everton inalandidwa mapointi 10 mu Novembala 2023, amene anatsitsidwa kufika pa 6 itachita apilo, ndipo Nottingham Forest inalandidwa 4. M'mabuku a timu, mtengo wa wosewera amaugawa pa zaka za kontrakiti yake: wa 100 miliyoni akasaina zaka zisanu ndi zitatu, amalembedwa 12.5 miliyoni pachaka. N'chifukwa chake munaona makontrakiti ataliatali ku Chelsea, mpaka UEFA ndi Premier League anaika malire a zaka zisanu pa kawerengedwe kameneka. Koma mwana wokulira mu akademi akagulitsidwa, ndalama yonse imalowa ngati phindu nthawi yomweyo. Mason Mount anapita ku Manchester United mu 2023, Conor Gallagher, amene anavala bandi ya ukaputeni masewero ambiri, anapita ku Atlético Madrid mu 2024. Ochemerera omwe ankafuula kuti gulani, gulani, ndi omwenso analira kuti bwanji mukugulitsa ana athu. Walira mvula walira matope.

Ndisabise, timu yanga nayo inamasula chikwama mu 2025: Florian Wirtz pa ndalama zoyambira 100 miliyoni, Alexander Isak pa 125 miliyoni. Anzanga ena anavina tsiku lomwelo. Ine ndinakhala chete, osati chifukwa chodana nazo, koma chifukwa ndapsa kawiri konse.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi olemba zamasewero anu ndi ili. Mukamalemba za wosewera wapakati amene wagulidwa, mtengo uzikhalapo, inde, timaufuna. Koma tiuzeninso zaka zake, masewero amene waphonya chifukwa chovulala, ngati ali wolanda mipira kapena wogawa, ndiponso amene akasewere naye pambali. Rice ku West Ham ankakhala kwambiri kumbuyo, ku Arsenal nthawi zambiri amamukankhira patsogolo. Ndi munthu mmodzi, ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mkangano wa masapota ukanakoma ukanakhala pa zimenezo kusiyana ndi kumangoponyerana manambala.

Uthenga uja ndinalemba usiku wa Endo mnzanga wa Chelsea anausunga. Msika ukatsegulidwa amanditumizira chithunzi chake, osawonjezerapo liwu. Inenso ndili ndi wake, wa madzulo a tsiku la West Ham, pamene analemba kuti Brighton yawabera masanasana ndipo Caicedo abwezedwe.

Ine wanu,
Wochemerera Liverpool