Seva ikakana kudzuka, chala chichoke pa Clear

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata. Ine ndimakonza makompyuta ndi maseva a m'maofesi ang'onoang'ono kuno ku Blantyre, ndipo ndalemba chifukwa cha zimene ndinakumana nazo mwezi wathawu, zandikwana poti si koyamba kuziona. Nkhani yake ndi ya seva yosungira mafayilo imene yakana kudzuka magetsi atathima, ndi zimene anthu amachita m'maminitsi khumi oyambawo, chifukwa deta yambiri imene ndaiona ikufa sinaphedwe ndi magetsi ayi, inaphedwa ndi munthu wa mtima wabwino amene amafuna bwana asiye kukalipa.

Linali Lolemba m'mawa, foni kulira, ofesi ina ku Limbe, dzina ndisunga. Magetsi anathima Loweruka usiku, UPS, bokosi lopatsa seva mphamvu magetsi akathima, mabatire ake anatha kalekale imangolira maminitsi awiri n'kugona, ndiye seva inazima ili pakati polemba. Makinawo ndi Dell PowerEdge R720 ya kaunjika, mkati muli khadi ya RAID ya PERC H710, imene imalumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi, madisiki 8, awiri ali pa RAID 1 m'mene muli Linux, enawo 6 a 2TB ali pa RAID 5 m'mene muli ntchito ya ofesi yonse ya zaka ndi zaka. Ndikufika ndinapeza mnyamata wawo wa IT, wongomaliza kumene sukulu, ali m'kati mwa menyu ya khadi, kasikirini kakufunsa Import kapena Clear, iye chala chili pa Clear. Ndimfunse bwanji achimwene, akuti sikirini inalemba kuti "Foreign configuration(s) found on adapter" ndiye foreign ndi chinthu chachilendo, mwina vairasi, tichichotse seva ipume. Sindinamuseke, nanenso ndinayambira pomwepo, koma kiyibodi ndinamulanda.

Mundilole ndifotokoze pang'ono chifukwa vuto lonse lagona apa. Pa seva ya khadi ya RAID, Linux kapena Windows saona madisiki enieniwo ayi, amaona virtual disk imene khadiyo yawapangira. Amene akudziwa kuti disiki iyi ndi yoyamba, iyo yachiwiri, kachidutswa ka fayilo kakuti kali pakuti, ndi khadi. Ndiye khadi imalemba ndondomeko imeneyo pa disiki iliyonse, cha kumapeto kwake. Tsiku limene zolembedwa pa disiki zasiyana ndi zimene khadi ikudziwa, mwina poti disiki inachedwa kuzungulira magetsi atabwera, mwina kebulo yakhwefuka, mwina khadi yasinthidwa, khadi imati disiki iyi ndi foreign. Sikuti yafa, sikuti ili ndi vairasi, khadi yangoti sindikukuzindikira bwino, ndikulandire kapena ndikufufute? Clear imafufuta ndondomeko ija. Mafayilo amakhala adakalipo m'mbale zake koma mapu owapezera apita, ndipo munthu akapanikizika chotsatira chake amapanga virtual disk yatsopano n'kuvomera initialize, kumene kumafufuta zimene zinalimo, pamenepo ndiye maliro enieni.

Chimene ndinayamba kuchita ndi chotopetsa ndipo bwana sanachikonde, kujambula. Sikirini iliyonse ndi foni, kutsogolo kwa seva kuti magetsi a pa ma tray aoneke, kenako selotepi ndi cholembera, disiki iliyonse nambala ya slot yake, kabowo kamene imalowamo. Bwana ali pambuyo panga akuti ndiye tikujambulitsa kapena tikukonza? Ndinangoti bwana safunsa adadya phula, tifunse kaye makinawa. Kenako iDRAC, kakompyuta kakang'ono kamene kamakhala m'kati mwa maseva a Dell, kamagwira ntchito ngakhale seva isanadzuke ndipo kamasunga log, mbiri ya zimene zachitika m'makinamo. A HP chawo amati iLO. Anthu ambiri kabowo ka netiweki kameneka samakalumikiza n'komwe, pomwe ndi kamene kamanena zoona.

Titalowa mu khadi ndi Ctrl+R, ku tsamba la PD Mgmt, nkhani inaoneka. Disiki ya slot 3 Foreign. Disiki ya slot 5 Failed. Ndifunse kuti kanyali ka orenji ka pa slot 5 kanayamba liti kuphethira, mayi wa ku akaunti akuti aaa kameneko n'kale, Khirisimasi isanafike kanali kakuphethira kale, timayesa ndi mmene kamachitira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, seva imaoneka ikugwira bwinobwino koma kwa miyezi inali ikuyenda ndi mwendo umodzi. RAID 5 imapirira disiki imodzi yokha ikafa, yachiwiri ikangotsetsereka virtual disk yonse imagwa. RAID 6 ndi imene imapirira ziwiri.

Apa ndi pomwe ndikufuna achinyamata anzanga amvetse, chifukwa ngakhale Import si yongodina m'chimbulimbuli. Ukakhala ndi madisiki awiri otuluka, funso ndi lakuti ndi iti inatuluka komaliza. Imene inatuluka Loweruka ili ndi deta yofanana ndi anzake. Imene inatuluka Khirisimasi isanafike ili ndi deta ya nthawi imeneyo, ndiye ukaikakamiza ndi Force Online khadi izisakaniza zidutswa zakale ndi zatsopano, seva itha kudzuka ndithu iwe n'kuwomba m'manja koma mafayilo ake ovunda, ndipo ukathamangitsa fsck, pulogalamu ya Linux yokonza dongosolo la mafayilo, pamwamba pake imakonza n'kukonza mpaka palibe chotsala. Ine ndinazimitsa seva, ndinasolola ya slot 5 n'kuiika m'kabati kuti isasokoneze, ndinakankhiranso bwino ya slot 3 ndi makebulo a SAS ochoka ku khadi kupita ku backplane, bolodi limene madisiki amalumikizidwapo, fumbi lake ngati la mumsewu wa dothi mu Okutobala. Kuyatsanso, Foreign View, kuyang'ana kaye kuti ikufuna kubweza chiyani, madisiki angati, RAID yanji, kukula kwake 10TB kapena ayi. Zonse zitagwirizana m'pamene ndinadina Import, virtual disk inabwera ili Degraded, kutanthauza kuti ikugwira ntchito koma disiki imodzi ikusowa, ndipo Degraded tsiku limenelo anali mawu okoma kwambiri.

Panalinso uthenga wina umene mnyamata uja anali ataudumpha, wakuti pali virtual drive yosowa yokhala ndi preserved cache. Khadi ngati H710 ili ndi memory yake ya 512MB, ikakhala pa write-back imauza Linux kuti ndalemba kale pomwe deta idakali m'memory, ndipo kabatire ka pa khadi ndi kamene kamathandiza kuti magetsi akathima zimenezo zisatayike. Ndiye khadi inali itagwirizira zimene zinali zisanafike pa disiki, kudikira virtual disk ibwere kuti izitule. Mu menyu muli Discard, ukadina zapita, ndipo zotayikazo zitha kukhala zimene file system imafuna kuti imveke. Bweza kaye virtual disk, cache imadzitula yokha. Batire limenelonso limakalamba, likafooka khadi imabwerera ku write-through, kudikira deta ifike pa disiki isananene kuti yalemba, seva n'kuyamba ulesi, anthu n'kumanamizira intaneti.

Ndinkayesa tathana nazo, kuyatsanso, "No boot device available". Bwana kupumira m'mwamba. Koma apa mtima wanga unali m'malo chifukwa RAID 1 ya Linux inali Optimal, kutanthauza kuti vuto silinalinso la madisiki. Kudina F2, deti yolakwika, Boot Mode yalembedwa BIOS, pomwe amene anaika Linux anaiika pa UEFI, izi ndi njira ziwiri zosiyana zodzutsira makina. Kabatire ka CR2032 ka pa motherboard, kofanana ndi ka mu rimoti ya galimoto, kanali katafa mwina zaka zapitazo, koma poti seva sinkazima palibe anadziwa. Seva ya ndalama zambiri chonchija kugonekedwa ndi kabatire kogula pa shopu ya mawotchi, eti. Tinasintha kabatire, kukonza deti, kubweza UEFI, kenako F11 kukasaka fayilo ya GRUB, kapulogalamu kodzutsa Linux, mu EFI partition poti dzina lake linali litasowa pa mndandanda, Linux n'kudzuka.

Si nthawi zonse zimakhala choncho ayi. Kwina ndinapeza flash yoiwalika kuseri kwa seva, makina akuyesa kudzukira pamenepo. Kwina khadi inali itaiwala virtual disk yodzukira, ku Ctrl Mgmt yasankha ya deta imene mulibe chodzutsira, maminitsi awiri nkhani yatha. Kwina GRUB imabwera bwinobwino kenako Linux kugwera mu emergency, apo khadi ilibe mlandu, mwina initramfs, mafayilo amene Linux imayambira nawo podzuka, ilibe draiva ya khadiyo ya megaraid_sas kapena mu fstab, fayilo ya mndandanda wa madisiki, munthu analemba dzina ngati /dev/sdb mmalo mwa UUID, nambala yosasintha, ndiye madisiki atasinthana mayina zasokonekera. Amene amakonda kuika Linux yatsopano pa makina akale achenjerenso, Linux ya RHEL 8 itatuluka mu 2019 inasiya kuzindikira makhadi ena akale a kampani ya LSI, disiki zonse zabwinobwino koma installer kumangoti palibe disiki. Ndiye chofunika ndi kuona kuti yaimira pati, isanafike pa uthenga wa khadi, pa khadi penipeni, pa BIOS kusaka chodzukira, kapena Linux itayamba kale. Malo aliwonse ali ndi wolakwa wake.

Ndipo khadi yeniyeniyo ikapsa si kutha kwa dziko, poti ndondomeko ija ili pa madisiki. Umapeza ina ya mtundu womwewo, kuiika, madisiki onse aoneka Foreign, apo Import ndiye mankhwala ake. Ma PERC ngati H710 ndi H730 m'kati mwake ndi chip ya LSI, kampani imene inagulidwa ndi Avago mu 2014 ndipo lero ndi Broadcom, n'chifukwa chake perccli ndi storcli, mapulogalamu oyang'anira makhadiwa, zimafanana ngati mapasa. Koma musatenge madisiki a pa PERC kukawaika pa Smart Array ya HP muli yonse ndi RAID, kalembedwe kake n'kosiyana. Ndipo chonde, tsiku limene seva yagwa si tsiku la update ya firmware, pulogalamu ya m'kati mwa makinawo, ndaonapo munthu akuyesa zimenezo magetsi n'kuthimanso ali pakati.

Tibwerere ku Limbe. Linux itadzuka bwana anati ikani disiki ina msanga i-rebuild anthu ayambe ntchito. Ndinakana. Rebuild, kubwezeretsa deta pa disiki yatsopano, pa RAID 5 imawerenga disiki zisanu zotsalazo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, maola ambirimbiri, ndipo zonsezo zinagulidwa limodzi zakalamba limodzi, ya slot 3 n'kuti itangotiwopseza kumene. Ikagwa pakati pa rebuild basi. Ndiye tinayamba ndi kukopera, virtual disk ili read-only, mafayilo a akaunti ndi a malipiro poyamba, enawo pambuyo, usiku wonse pa jenereta. Ndifunse backup ili kuti, bwana akuti si imeneyi RAID, anatiuza ogulitsa kuti disiki ikafa palibe chotayika. A Mkonzi, mawu amenewa ndawamva kambiri mpaka ndimawalota. RAID inapangidwira kuti ntchito isaime disiki ikafa, ngakhale akatswiri a ku Berkeley amene anaitchukitsa mu 1988, Patterson, Gibson ndi Katz, nkhani yawo inali ya madisiki ang'onoang'ono ambiri kugwira ntchito ngati imodzi yaikulu. Munthu akafufuta foda, RAID imafufuta pa madisiki onse mokhulupirika. Ransomware, vairasi yotsekera mafayilo kuti ulipire, ikalowa chimodzimodzi. Mphenzi, wakuba, madzi odontha kudenga, zonse zimatenga bokosi lonse.

Pempho langa likupita kwa mabwana kuposa achinyamata. Mnyamata uja sanalakwe kwambiri, sukulu anamuphunzitsa kujambula RAID 0, 1 ndi 5 pa bolodi koma khadi yeniyeni anali asanaigwirepo, ndipo palibe anamusiyira pepala lonena kuti seva iyi inakonzedwa motani. Amene anaiika anachoka ndi zonse m'mutu, nambala yake sikupezekanso. Kusindikiza zimene perccli ikuonetsa n'kumata m'kati mwa chitseko cha kabati sikudya ndalama. Kulumikiza iDRAC kuti izitumiza imelo disiki ikafa sikudya ndalama. Disiki imodzi yongokhala ngati hot spare, yodikira kuti ina ikafa ilowe, ikanalowa yokha m'malo mwa slot 5 mu Disembala momwemo ndipo ine simukanandiitana n'komwe. Koma ukalemba quotation ya zimenezi amati forex yavuta tidikire, tsiku la tsoka ndiye amafunsa kuti kutumiza madisiki ku Johannesburg kwa akatswiri obweza deta ndi ndalama zingati, ukawauza amakhala pansi. Nawo a makoleji athu, seva yakale imodzi yoti ana azisolola madisiki dala, aone Foreign ndi maso awo, adine Clear pa deta yopanda ntchito alire pamenepo, ingathandize kuposa manotsi.

Disiki yolowa m'malo inafika patatha masabata awiri, rebuild inatha bwino, smartctl, pulogalamu yopima thanzi la disiki, ikuonetsa kuti ya slot 3 yayamba kudwala ndiye nayo ili pa mzere. Mnyamata uja masiku ano m'mawa uliwonse amayamba wakayang'ana tinyali tija asanamwe tiyi, amanditumizira chithunzi pa WhatsApp ngakhale zonse zili zobiriwira. Quotation ya mabatire a UPS idakali pa tebulo la bwana, ndinaiona Lachisanu, aikapo kapu.

Wokonza makompyuta,
Blantyre