Makoleji atithandize kupezera ana athu pogona mu Lilongwe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mmene ana a m'makoleji akuvutikira kupeza pogona mumzinda uno.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina kwa Nsungwi ku Area 25. Mu Januwale alongo anga a ku Ntchisi anandiimbira foni kuti mwana wawo wamkazi amutenga pa koleji ina kuno. Tinasangalala banja lonse, chifukwa ndiye woyamba kwathu kupitirira Fomu 4. Koma kumunsi kwa kalata ya kolejiyo analembako kuti malo ku hositelo adzaza, wophunzira adzipezere yekha pogona. Basi, osatchula ngakhale dera loti tiyambire kufunsa.

Ndikanamusunga ndekha, mwana wa alongo anga ndi wanga yemwe. Koma nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, muli ana anayi, ndipo koleji ili kutsidya kwa mtsinje wa Lilongwe. Tsiku lililonse akanamakwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Titawerengera, thiransipoti yokha imaposa lendi.

Ndinatseka makina Loweruka katatu kuti tiyende naye ku Mchesi, Biwi ndi Kawale. Masiku ano nyumba simuipeza pogogoda pageti, aliyense amakulozerani kwa ejenti. Woyamba tinamupeza pa Facebook. Anati timupatse K10,000 "yoonera", kabaza wake tilipirenso ife. Chipinda chimene anationetsa chinali ndi khoma lonyowa kufika m'maondo, ndipo pachitseko panalibe loko, koma msomali wopinda umene amaupotokola usiku. Chimbudzi chinali chimodzi, mabanja asanu ndi awiri. Mtsikanayo anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Azakhali, ndikhoza kupirira." Ndinamugwira dzanja n'kutuluka naye. Mwana wamkazi wa zaka 19 sindingamusiye kuseri kwa msomali.

Wachiwiri anatitengera ku boyizikota yabwino ndithu ya mumpanda ku Area 47, ya madzi ndi magetsi. Landilodi anati K150,000 pamwezi, ndipo tilipiriretu miyezi itatu. Ndalama imeneyo ine ndimaipeza nditasoka mayunifolomu temu yathunthu. Wachitatu ndiye anatiliza. Tinamupatsa K40,000 yogwirira chipinda, koma titabwera Lolemba ndi matiresi pamutu tinapeza muli kale munthu wina, makatani ali pawindo. Mwini nyumba anati ejentiyo sakumudziwa. Foni yake mpaka lero siikupezeka. Ndalama imeneyo inali ya mbuzi imene alongo anga anagulitsa.

Pano akukhala ku Kawale, m'chipinda chimodzi atsikana anayi, aliyense amapereka K45,000. Matiresi amayala pansi, mabuku amasunga m'sutikesi kuopa makoswe. Hotipuleti anawaletsa, choncho amaphika pambaula pakhonde, makala ogula m'tijumbo. Mayunitsi a magetsi amasonkherana ndi mabanja a pamdadada womwewo, ndipo akatha pakati pa mwezi mlandu umagwera ana asukulu, akuti amayatsa getsi usiku wonse. Nanga awerenge nthawi yanji? Geti amatseka 8 koloko madzulo, pamene makalasi ena amatha mdima utagwa kale. Tsiku lina anandiimbira cha m'ma 9 akulira, "Azakhali, ndili panja, geti atseka." Ndinakhala naye pafoni mpaka mnzake anadzuka kukamutsekulira. Usiku umenewo sindinaone tulo.

Sindikunena kuti malandilodi onse ndi oipa. Mayi wina ku Biwi anatiuza mosabisa kuti kwake kwadzaza, natipatsa madzi akumwa n'kutilozera kwina osafuna kalikonse. Ndikudziwanso kuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, ndiye lendi nayo inakwera. Mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 unali kale ndi anthu 989,318. Anthu akubwerabe, makoleji akuchulukanso, koma zipinda zoti mwana wasukulu angakwanitse sizikuwonjezeka mofanana. Ngakhale ku Bunda, kumene kuli kunja kwa tauni, ophunzira ambiri a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR amachita lendi m'midzi yozungulira sukuluyo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti koleji imalandira fizi, kenako n'kumusiya mwana wochokera kumudzi, amene Lilongwe sakumudziwa, kuti akalimbane yekha ndi maejenti. Ngati hositelo sangamange lero, chikuwavuta n'chiyani kutuma munthu mmodzi kuti ayendere nyumba zozungulira, aone loko, chimbudzi ndi madzi, agwirizane mtengo ndi eni ake, n'kutumiza mndandanda wa nyumbazo pamodzi ndi kalata yoitana wophunzira? Zimenezi sizifuna thumba la simenti ngakhale limodzi. Ndikupempha a National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira makoleji ndi mayunivesite, kuti pamene akuyendera makoleji azifunsanso kumene ana akugona. A khonsolo ya mzinda nawo alembe maejenti m'kaundula ndi kuwapatsa ziphaso, kuti wotibera tizidziwa kokamusumira.

Mwana wathu anali ndi mwayi chifukwa anali ndi azakhali oyenda naye. Mmodzi mwa anzake a m'chipindamo, wochokera ku Chitipa, anagona masiku awiri pabenchi m'depoti asanapeze pogona. Sabata yatha landilodi wawauza kuti kuyambira mwezi wamawa aliyense azipereka K55,000, ndipo alongo anga sindinawauzebe.

Zakhali wodandaula,
Area 25, Lilongwe