Kukoma kwa galimoto kuli kuphazi ndi m'manja

Akonzi,

Anyamata muno mu Blantyre akamakamba za galimoto zaliwiro amangotchula kukula kwa injini basi, koma ine zimandiwawa chifukwa kukoma sikuli pamenepo. Ndayendetsapo Subaru yakale ya kebulo, ija phazi limakoka waya wopita ku injini, ukangoponda moto pang'ono injini imayankha pompo, pomwe zina zatsopanozi phazi limauza kaye kompyuta nde pamakhala kakuchedwa, ukamalowa pa raundabauti ya Chichiri umakamva ndithu.

Chiwongolero nde nkhani yaikulu. Potsika makona opita ku Chikwawa aja, chiwongolero chofewetsedwa ndi pampu ya mafuta chija chimakuuza m'manja momwemu kuti teyala lagwira phula kapena layamba kuterereka pa mchenga, koma ziwongolero zina zamagetsizi zimapepuka mpaka manja osamva kanthu, umangodalira maso.

Dalaivala wa ku Chilomoni