Lipoti la ulendo wa ku Athens: zomwe ndaphunzira pa ntchito za Iktinos

A Pampando ndi amisiri anzanga, ndalama yomwe munasonkha kuti ndikakuimirireni ku msonkhano wa okonza nyumba zakale sinalowe m'madzi. Gawo la malamulo a inshulansi ndi la makompyuta ojambulira mapulani tinangomvera. Chomwe chinandigwira mtima ndi tsiku lomwe anatikweza phiri la Acropolis kukaona kachisi wa Parthenon.

Anajambula ndi Iktinos pamodzi ndi Kallikrates, ndipo ntchito inayamba mu 447 Khristu asanabadwe, nthawi ya Pericles, mtsogoleri wa Athens. Zipilala 8 kumaso, 17 m'mbali, miyala ya mabo yochokera kuphiri la Pentelikon. Ndinagwada n'kuika diso m'mphepete mwa sitepe: pansi pake si pa levulo ayi, pakati ndi potukuka pafupifupi masentimita 11 kumbali yaitali, ndipo anachita dala. Zipilala nazo zinapendekera m'kati pang'ono. Simenti mulibe. Miyala anaisema mpaka kugwirana yokha, n'kuimanga ndi zitsulo zokutidwa ndi mtovu kuti dzimbiri lisalowe.

Pamenepa ndi pomwe panabuka mkangano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 injiniya wa ku Greece Nikolaos Balanos anakonzanso kachisiyu ndi zitsulo zosatetezedwa bwino. Zinachita dzimbiri, n'kufufuma, n'kung'amba miyala. Lero akuzichotsa n'kuika za titanium, chitsulo chosachita dzimbiri. Msonkhano unagwirizana kuti nyumba yakale izikonzedwa ndi zipangizo zogwirizana ndi zomwe inamangidwira. Ine ndinakweza dzanja kuvomereza, ndipo ndikuti nafenso tileke kupaka pulasitala wa simenti pa matchalitchi akale omangidwa ndi laimu. Khoma limasunga chinyezi, njerwa n'kumafumbutuka m'kati. Ndikudziwa ena muti laimu amachedwetsa ntchito ndipo mwini nyumba sadikira. Mufotokozereni, amva.

China n'chakuti a ku Athens ankalemba pamwala, chaka ndi chaka, ndalama zomwe zalowa ndi zomwe zagwira ntchito pa kachisiyu, aliyense n'kumawerenga. Ife za thumba la zida zomwe tinasonkha chaka chatha sitinazimvebe, ndipo ndikafunsa amati ndikuyambitsa chisokonezo. Malisiti a alawansi yanga ndawapereka kwa msungichuma, ndipo ndikupempha kuti pamkumano ukubwerawu za thumba lija ziwerengedwenso pagulu.

Kachisi wa Apollo ku Bassae, yemwe Pausanias, mlembi wakale wa ku Greece, analemba kuti ndi wa Iktinos yemweyo, tinangomuona pa zithunzi. Ali m'mapiri a Arcadia, ndipo chiyambire 1987 ndi wofunditsidwa chitenti chomuteteza ku mvula ndi chisanu.