Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: akapolo aja anakathera kuti?

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pasekondale ina yoyendera m'boma la Nkhotakota. Chandilembetsa kalatayi ndi funso la mwana wa Fomu 3.

Tsiku lina ndinatenga kalasi yanga kupita pansi pa mkuyu uja umene anthu amautchula dzina la Livingstone. Ndinawafotokozera za Jumbe, Salim bin Abdallah, wamalonda a akapolo amene anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, za magoli m'khosi, za zombo zimene zinkaolotsa anthu kupita tsidya lakum'mawa. Mtsikana wina anakweza mkono. "Aphunzitsi, ataoloka, anakathera kuti?" Ndinangoti ku Zanzibar, n'kusintha nkhani. Usiku wake tulo sitinabwere, chifukwa ndinadziwa kuti mwanayo ndamunamiza ndi yankho losakwanira.

Tsidya lija ulendo unali utangoyamba. Ankayenda wapansi miyezi itatu kapena inayi, ena atasenza minyanga ya njovu, mpaka ku Kilwa. Kumeneko ankawalonga m'zombo za Aluya kupita ku Zanzibar ndi Pemba, ndipo ena ankapitirira ndi mphepo ya nyengo yake mpaka ku Arabia, Persia ndi India. Kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, anauza Livingstone kuti anthu 19,000 ochokera dera la nyanja yathu lokha ankadutsa pamalo okhomera msonkho pachilumbacho chaka chilichonse. Amenewo ndi amene anafika amoyo. Njira ina inkatsika ndi Shire ndi Zambezi kukafika ku Quelimane, inanso ku chilumba cha Mozambique, kumene sitima za Afalansa zinkatenga anthu kupita ku Mauritius ndi Réunion, za Apwitikizi n'kumalowera ku Brazil.

Ndikupempha kuti sitima imodzi yokha ilowe m'mabuku a ana athu ndi dzina lake: São José. Inanyamuka pachilumba cha Mozambique pa 3 Disembala 1794 ndi anthu pafupifupi 500, ulendo wa ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 Disembala inagunda miyala pafupi ndi Cape Town. Oyendetsa sitimayo anapulumuka. Mwa akapolo, oposa 200 anamira gombe likuoneka ndi maso, ndipo otsalawo anawagulitsa konko ku Cape. Mu 2015 akatswiri analengeza kuti apeza zotsalira zake pansi pa madzi, kuphatikizapo zitsulo zolemera zimene ankaika pansi pa sitima kuti isapendeke, popeza katundu wake anali anthu, ndipo munthu salemera ngati migolo. Anthuwo anachokera kumpoto kwa Mozambique, dziko la Amakua, abale ake a Alomwe. Mwana wa ku Phalombe kapena ku Thyolo akamva zimenezi sangaganizenso kuti Brazil ndi dziko la mpira basi.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri, a Nduna, ndi chilankhulo chimene ndikulembachi. Ku Freetown, ku Sierra Leone, mmishonale Sigismund Koelle ankafunsa akapolo omasulidwa mawu a zilankhulo zawo. Mmodzi anali Mateke, amene anati chilankhulo chake ndi cha Amaravi, ndipo mawu ake anasindikizidwa mu 1854. Munthu wakuno anakafika bwanji kumadzulo kwa Africa, ngati si sitima yozungulira Cape? Zaka zomwezo, pafupi ndi Mombasa, Johannes Rebmann anakumana ndi kapolo wotchedwa Salimini, wochokera chigawo chapakati cha dziko lino. Awiriwa anasonkhanitsa mawu amene anadzakhala mtanthauziramawu wa Chinyanja, wosindikizidwa mu 1877. Pachikuto pali dzina la mzunguyo. Mawuwo anatuluka pakamwa pa Salimini. Ana anga amalemba mayeso a Chichewa, koma nditawafunsa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo za iye.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi ili ndi minga. Aluya ndi azungu sankalowa okha m'midzi. Mafumu ena akuno, monga Makanjira ndi Mponda a Ayao, analemera nawo malondawa, kusinthanitsa anthu ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Ena amaopa kuti tikafukula zimenezi tiyambanitsa mitundu. Ine ndikuti mwana auzidwe zonse, kuphatikizapo zoti Ayao nawonso ankagulitsidwa. Chuma, amene anathandiza kunyamula mtembo wa Livingstone mpaka kugombe, anali mnyamata wachiyao womasulidwa mu 1861. Ku Somalia kuli anthu mpaka lero amene amati makolo awo anali Anyasa ndi Ayao.

Malo athu a njira za akapolo analowa pamndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuzindikiridwa ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2011. Zimenezo ndi za anzanu osamala za chikhalidwe. Kwa inu ndikupempha mutu wapadera m'silabasi wonena za maulendo apanyanja yamchere, wokhala ndi mayina a Salimini, Mateke ndi São José, ndiponso mapu a pakhoma oyambira pa Nkhotakota kukafika ku Muscat ku Arabia, Port Louis ku Mauritius ndi Maranhão. Amene ndikugwiritsa ntchito pano ndinajambula ndekha kumbuyo kwa kalendala, mtsikana uja ndiye anandigwirira rula.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Nkhotakota