Kalata kwa makasitomala athu: tiyamba kulandira PDF yokha, mitengo ikusinthanso

Okondedwa makasitomala athu,

Moni nonse. Kalata iyi ndikulemba mtima usakufuna, chifukwa si bwino kuti munthu wa bizinesi aziyala mavuto ake pamaso pa anthu amene amamudyetsa. Koma ena mwa inu mwayamba kale kufunsa anyamata athu pa kauntala kuti bwanji ntchito zikuchedwa masiku ano, ndipo ndaona kuti kuli bwino mumve kwa mwini wake kusiyana n'kuti muzimva mphekesera mumsika.

Kuyambira Lolemba loyamba la mwezi wamawa tizilandira mafayilo a PDF okha. Mafayilo a Word, Publisher, CorelDRAW, PageMaker ndi DVI sitiziwasindikizanso mmene abwerera. Wobwera nawo tizimukonzera, koma padzakhala kandalama kapadera. Mitengo yosindikizira nayo ikwera, ndipo yatsopanoyo tidzaipachika pakhomo.

Anthu ambiri amaganiza kuti kusindikiza n'kungodina batani basi. Ayi ndithu. Makina alionse ali ndi chilankhulo chake. Athu osindikiza zakuda ndi zoyera amamva PCL, imene anaipanga a HP. Aakulu aja osindikiza mitundu amamva PostScript, imene a Adobe anatulutsa mu 1984. Riso imene timasindikizira mayeso a masukulu nayo ili ndi zofuna zake. Ndiye pakati pa fayilo yanu ndi makinawa pamafunika pulogalamu ya pakompyuta imene ife osindikiza timaitcha RIP. Ntchito yake ili ngati ya womasulira m'tchalitchi, pamene mlaliki akulalika m'Chichewa koma mpingo ukumva Chitumbuka. Imawerenga tsamba lililonse, n'kusandutsa zilembo ndi zithunzi kukhala timadontho timene makina angathe kulemba, ndiponso imagawa mitundu kukhala inayi ya inki yotchedwa CMYK (buluu wowala, pinki, chikasu ndi wakuda). Yathuyi inkayalanso masamba a kabuku mwadongosolo lake, kuti mukapinda pepala tsamba 1 likhale kutsogolo, lomaliza kumbuyo. Fayilo yanu tinkaitsegula mu pulogalamu yake, n'kuitumiza ku RIP, zotsalazo inkamaliza yokha.

Pulogalamu imeneyi si yathu. Timachita kulipira layisensi chaka ndi chaka, mu madola, kudzera kwa ejenti wina wa kunja kwa dziko lino. Nonse mukudziwa zimene zachitikira kwacha. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Layisensi yomweyo, yosawonjezera kanthu, inayamba kudya ndalama zimene kale zikadalipira lendi ndi malipiro a anyamata. Tinapirira osakuuzani. Komatu ngakhale kwacha ukhale nayo m'manja, madolawo uwapeza kuti? Ku banki amati lembani fomu, bweretsani invoisi, bwerani sabata yamawa. Sabata yamawa ikafika akuti ndalama zakunja palibe, pomwe invoisi ija yatha kale masiku ake. Ndiye ukapemphenso ina kwa ejenti, amene amakuyankha ngati ukumupempha chithandizo chaulere. Akuluakulu amene amalankhula pa wailesi kuti mabizinesi ang'onoang'ono ndi amene adzatukule dziko, ndimalakalaka atabwera kudzaima nafe pa mzere umenewu tsiku limodzi lokha.

Chimene chinandifoola kwenikweni ndi kalata imene ejentiyo anatumiza potsiriza. Anakweza mtengo, n'kunenanso kuti pulogalamu yatsopano sigwira pa Windows 10. Zoona, Windows 10 inasiya kulandira chithandizo pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kompyuta yokhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, kamene yathu ilibe. Tanthauzo lake ndigule kompyuta ina, ndilipire msonkho wake, ndilipirenso layisensi yokwera, zonsezi kuti ndizichita ntchito yomweyo imene ndimachita kale bwinobwino. Ndinamupempha kuti atisiyire yakaleyo tiziilipira monga mwa masiku onse. Anakana. Munthu amene wadya ndalama zathu zaka zonsezi sanathe ngakhale kutiimbira foni. Onjezani pamenepo tona ndi mapepala, zimene zonse zimachokera kunja, kuzima kwa magetsi, ndi mafuta a jenereta amene timachita kuwagonera pa mzere. Sindikudandaula chabe ayi, ndikufuna muone kuti sitinadzuke m'mawa n'kungoganiza zokuvutitsani.

Ndiye RIP ija tikuisiya, m'malo mwake tasankha kugwiritsa ntchito Ghostscript, pulogalamu yaulere imene yakhalapo kuyambira 1988. Si ya masewera. Imawerenga PDF ndi PostScript n'kutulutsa zimene makina athu angamve, kaya PCL kaya PostScript. Kungoti imasindikiza zimene mwaipatsa, ndipo zambiri zimene RIP ija inkachita yokha, monga kuyala masamba a timabuku ndi kusintha mitundu kuti igwirizane ndi makina athu, tsopano tizichita ndi manja chimodzichimodzi. Malayisensi a mapulogalamu ena otsegulira mafayilo aja nawonso sititha kuwasunga onse. N'chifukwa chake tikupempha PDF, ndipo ikhale PDF yabwino.

Vuto lalikulu ndi mafonti, kutanthauza masitayilo a zilembo. Mukalemba ndi fonti yokongola imene ili pa kompyuta yanu koma osailowetsa m'fayilo, kompyuta yathu imaikapo ina m'malo mwake. Mizere imasuntha, tebulo limadumphira tsamba lina, ndipo kwa ife a kuno kumpoto chopweteka kwambiri ndi chilembo cha ŵ. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo chimenechi, ndiye pamene mwalemba ŵanthu kapena ŵapapi pamatuluka kabokosi kopanda kanthu. Taganizani zimenezi zili pa pepala la mwambo wa maliro a mayi anu, kapena m'kabuku ka nyimbo ka amayi a Umanyano. Ine sindingalole kuti pepala lotere lituluke pakhomo pathu. Choncho mu Word, posunga fayilo sankhani PDF, mulowe pa Options n'kuchonga pa PDF/A, chifukwa imeneyi imalowetsa mafonti onse m'kati. Kuti mutsimikize, tsegulani fayiloyo mu Adobe Reader, pitani pa Properties kenako Fonts, ndipo fonti iliyonse ioneke kuti Embedded.

Zithunzi zikhale za 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Mukamatumiza pa WhatsApp tumizani ngati Document, osati ngati chithunzi, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi mpaka nkhope za akwati zimachita mbuu. Dziwaninso kuti foni imaonetsa mitundu ya RGB (wofiira, wobiriwira ndi buluu) pomwe pepala limalandira CMYK, ndiye mtundu wa buluu wowala uja nthawi zina umatuluka wopendekera ku pepo. Pa ntchito ya mitundu tizikusindikizirani kaye tsamba limodzi kuti muvomereze.

Ophunzira a ku Mzuzu University, makamaka a masamu ndi sayansi amene mumalemba ndi LaTeX, musatibweretserenso DVI. Fayilo ya DVI simakhala ndi mafonti m'kati mwake, imangotchula mayina ake ndi malo oika chilembo chilichonse, ndipo imafuna dvips kapena pulogalamu ina yoti iisandutse. Gwiritsani ntchito pdflatex, kapena dvipdfmx ngati muli nayo kale DVI. Mukaona pa Fonts paja palembedwa Type 3 ndipo zilembo zikuoneka zokhakhala mukazikulitsa, ikonzeninso musanabwere, kuopa kuti mungawononge ndalama pa mapepala ochuluka chonchija.

Mipingo ndi masukulu amene mwatisungitsa ntchito zanu zakale, chonde mvetserani. Zambiri zili mu PageMaker, imene inalekezera pa 7.0 ya mu 2001, ndipo zina zinalembedwa ndi mafonti a Type 1 amene a Adobe anasiya kuwathandiza mu January 2023. Publisher nayo a Microsoft analengeza kuti chithandizo chake chikutha mu October 2026. Pamene kompyuta yakale ikadayaka, tikusandutsa mafayilo onsewa kukhala PDF kwaulere. Tumizani munthu adzaone ngati mabuku anu a malisiti, timabuku ta nyimbo ndi mafomu atuluka bwino, chifukwa ikadzafa kompyutayo sindikulonjeza kuti tidzawatsegulanso.

Ndikudziwa kuti malo osindikizira m'tauni muno alipo ambiri, ndipo wina akhoza kunena kuti ndingopita kwina kumene salankhula zambiri. Ufulu ndi wanu. Koma ndikupempha mutipirire. Ena mwa inu munayamba nafe tili ndi makina amodzi okha. Mwatibweretsera makadi a chinkhoswe, a ukwati, kenako mayeso a ana obadwa m'maukwati omwewo. Aphunzitsi aakulu a ku Ekwendeni, Rumphi, Nkhata Bay ndi Karonga mwakhala mukutumiza ntchito pa minibasi osationa n'komwe, kungotikhulupirira. Amayi ndi abambo a ku Chibavi, Zolozolo, Katoto, Luwinga ndi Mchengautuwa, ndinu amene mwasunga anyamata athuwa pa ntchito, ndipo aliyense wa iwo ali ndi banja lomuyang'anira. Zikomo kwambiri, yewo chomene. Sindikufuna kutaya ngakhale mmodzi wa inu chifukwa cha nkhani ya fayilo.

Amene simudziwa kupanga PDF bwerani ndi laputopu kapena foni yanu, mnyamata wa pa kauntala akuonetsani, ulendo woyamba osalipira. Ntchito za mitundu ndi timabuku muzibweretsa kukadali masiku, chifukwa zizitenga nthawi kuposa kale. Za maliro zokha tizizilandira m'fayilo ya mtundu uliwonse, tiziyamba ndi zimenezo, ndipo pa izo kandalama kokonzera kaja sitidzakulipiritsani.

Ine wanu,
Mwini malo osindikizira
Mzuzu